Loboti Sigogoda

Ku labu kwathu timawatchula Achala. Chala chawo chachikulu cha kumanja chinapindika kalekale, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akudina paipeti, kachipangizo kodonthezera timadzi. Ine ndimatsuka mabotolo pasinki ya kumbuyo kwa tebulo lawo, ndiye musandifunse kuti zawo ndazidziwa bwanji.

Ntchito yawo inali ya timbale tapulasitiki ta timaenje 96. M'kadzenje kalikonse mumakhala tizilombo ta chifuwa chachikulu, iwo n'kumadonthezamo mankhwala osiyanasiyana, kufufuza amene angaphe tizilomboto. Kunyumba ali ndi mayi awo ogona, amene sadya akapanda kuwadyetsa iwowo, komanso mwana wawo wamkazi wa folomu 3. Bambo a mwanayo anapita ndi chifuwa chomwecho.

Kenako kunabwera loboti, mkono umodzi wachitsulo m'bokosi lagalasi. Sidwala, sipita kumaliro. Timbale ta sabata yathunthu inkatimaliza tisanamwe tiyi. Bwana anauza Achala kuti alembe chilichonse chimene amachita, kuti injiniya aiphunzitse. Ine zinandinyansa. Kumeneko si kutuma nkhuku kukanola mpeni? Koma iwo analemba masamba anayi, mwaukhondo ngati kalata yofunsira ntchito. Kuyambira pamenepo bwana akangotsegula chitseko, Achala ankadzidzimuka.

Patatha masabata awiri zotsatira za loboti zinasokonekera. Mankhwala omwewo, lero apha tizilombo, mawa ayi. Injiniya anamasula, n'kumanga, n'kumasulanso, thukuta kamukamu. Bwana anati zikapanda kulongosoka pofika Lachisanu, loboti ibwerera kwawo, Achala apitiriza ndi manja, koma mankhwala mazanamazana amene inayesa aja angowasiya, poti atsala ochepa, osakwanira kuwayesanso ndi manja. Sindinama, ine ndinakondwa.

Vutolo ndinalitulukira ndi khutu. Zaka zonsezi ndakhala ndikumva go! go! go! kumsana kwanga. Achala akadzaza mbale amaigogoda katatu patebulo kuti tithovu tikwere n'kuphulika, chifukwa thovu limanamiza makina owerengera. Zimenezi sanalembe. Dzanja linkangochita lokha, mwini wake osadziwa.

Pakamwa panga ndi pamene panandipachika. Lachinayi atabwera kudzasamba m'manja ndinawanong'oneza.

"Achemwali, loboti yanuyi sigogoda."

Anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali, madzi akungotayika.

"Khalani chete mpaka mawa," ndinatero. "Mawa lokha basi. Ganizirani amayi."

"Nanga mankhwala akufuna kuwasiya aja? Ukudziwa kuti mulibemo amene akanachiza bambo a mwana?"

"Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwanayo amadya."

"Iwenso," anatero, akuseka kuseka kopanda mano. Sopo anawapulumuka kawiri.

Lachisanu m'mawa anafika maso ali psuu. Anavala magolovesi, n'kutenga mbale imene loboti inali itangodzaza, n'kuitana injiniya.

"Achimwene, taonani kuno."

Go! Go! Go!

Injiniya anasuzumira m'timaenje muja, n'kugwira pamutu. Sipanathe ola, anali ataiphunzitsa kale. Pofika masana zotsatira zinali zoyera, ndipo mankhwala aja anawabweza pamzere. Bwana anaombera m'manja.

"Mwatipulumutsa, mayi. Lolemba mudzandipeze ku ofesi tikambirane za mtsogolo."

Za mtsogolo! Mawu amenewo sindiwakhulupirira ngakhale pang'ono. Ndinawakwiyira Achala, ndinadzikwiyiranso ndekha, ndipo Loweruka ndi Lamlungu mtima unali m'mwamba.

Lero ndi Lolemba. Alowa mu ofesi ija nthawi ya 8, atavala diresi lawo labwino, ndipo chitseko chikadali chotseka. Botolo limodzi ndalitsuka katatu. Posachedwapa ndamva go! go! go! kumsana kwanga, kagogodedwe kawo kenikeni, mpaka kaphokoso komaliza kaja kofewerapo. Ndacheuka msanga kuti ndiwafunse kuti zayenda bwanji.

Pampando pawo panalibe munthu.