Nsengwa Itakhala M'munsi

Nyengo yozizira imene amayi anali oyembekezera, fuleti yathu ya ku Barking, kutsidya kwa nyanja, inkangomveka fungo la zovala zoyanikidwa pa hita. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anyezi analetsedwa m'nyumba, chifukwa amayi akangomva fungo lake ankathamangira kubafa. Ankalira ndi zinthu zazing'ono, ngakhale sokosi yosowa inzake, kenako n'kumadziseka okha. Ine ndinkangowayang'ana, osadziwa chimene chawalowa.

Tsiku lina anapita kuchipatala kukaunikidwa, ndipo anawagoneka konko. Madzulo ndinamva bambo akulankhula pafoni ndi azakhali a kumudzi, motsitsa mawu. "Akuti nsengwa yakhala m'munsi, yatseka njira ya mwana. Ikapanda kukwera, angataye magazi ambiri."

Chichewa ndinkachimva, koma cha kukhitchini chokha. Nsengwa imene ndinkaidziwa inali kadengu kansungwi kamene amayi anabwera nako kuchokera kwathu, kankakhala kunsi kwa tebulo, muli mtedza. Ndinakwera pampando n'kukaika pamwamba pa filiji. Amayi sanabwere. M'mawa mwake ndinakakweza pamwamba pa wodilopu.

Lamlungu tinakwera basi kukawaona. Tinawapeza ali chigonere, nkhope itatupa. Ndinawanong'oneza m'Chingerezi kuti nsengwa ija ndaikweza kale, akhoza kubwerera kunyumba. Anandiyang'anitsitsa, n'kuyang'ana bambo, kenako anaseka mpaka namwino anasuzumira. Kuseka kutatha, misozi sinaleke. "Wachita bwino, mwanawe," anatero. "Uisiye komweko." Palibe anandilongosolera kanthu.

Mchimwene wanga anabadwa pa opaleshoni masiku asanakwane, wochepa thupi koma wolira mwamphamvu. Amayi anachita kuwaonjezera magazi. Atabwerako, ndinawamva akudandaulira bambo kuti nsengwa ija inatsala m'manja mwa achipatala, pomwe kukanakhala kumudzi azimayi akuluakulu akanaikwirira kuseri kwa nyumba. Ndinathamangira kuchipinda. Inali pomwe ndinaisiya, itachita fumbi.

Ndinadzadziwa ndili ku sekondale kuti nsengwa ndi chiwalonso chimene chimamera m'chiberekero pamodzi ndi mwana, n'kumamupatsira chakudya ndi mpweya, ndiponso kuti timadzi take tolimbitsa mimba ndi tomwe tinkawachititsa amayi nseru. Tsopano ndimamvetsa kuti panalibe aliyense akanatha kuikweza, ngakhale madokotala. Bambo ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ankaonda. M'nyumba monsemo, wogona tulo tabwino ndinali ine ndekha, poganiza kuti mbali yanga ndachita.