Ana a Ng'ombe Zinayi

Chaka chimene boma linabweza aphunzitsi a kumpoto kwawo, ndinatsata mwamuna wanga, amene anali mmodzi wa iwo, kuchoka ku Dedza mpaka ku Misuku, ndili ndi ana atatu. Sitinafunse chifukwa chake. Masiku amenewo munthu sunkafunsa.

Tisanathe chaka, akulu awo a mwamuna wanga anamwalira, ndipo abale anagamula kuti iye alowe chokolo. Ine ndinali ndi mphete ya kutchalitchi ndi chithunzi cha diresi loyera pakhoma. Mpingo unamuimitsa Mgonero, koma iye sanaleke kupita kunyumba ya mkazi wamasiyeyo, kuseri kwa munda wa khofi. Ndinkawerenga za mkazi wosakondedwa wa m'Malemba uja, amene ankati akabala mwana mwina mwamuna amuyang'ana, ndipo ndinkatseka buku ndi manyazi.

Ndikatsikira ku Boma kusikelo ya mwana, ndinkakhala pang'ono ndi mayi wina wa Chisilamu wochokera ku Mangochi, wogulitsa mandasi. Anali mkazi wachiwiri wa dalaivala wa boma.

"Achemwali, inu amakugonerani masiku angati?" anandifunsa tsiku lina.

"Ife kwathu kulibe zamasiku. Ukwati wathu ndi wa mmodzi."

Anaseka mpaka anagwira mpango wake. "Wa mmodzi pa pepala! Ine akandidumpha tsiku langa ndimakanena kwa shehe. Nanga inu mukanena kwa ndani, poti mkazi mnzanuyo kutchalitchi kwanu samuwerengera?"

Kenako anasiya kuseka. Anati nayenso shehe ali kutali, ndipo mwezi umenewo galimoto ya mwamuna wake inali isanaime pakhomo pake.

Nditabwerera, ndinamanga katundu. Kwathu mkazi akatopa amatenga ana ake, chifukwa ana ndi a mbumba ya malume. Ndinakagwada kwa apongozi aamuna kukatsanzika. Anandimvetsera bwinobwino, ali kusankha khofi pa lichero.

"Yewo, mama," anatero m'Chichewa chawo chosakanikirana. "Njira njakutsegula. Woyamwayo mupite naye, mukamubweze akaleka bere. Awiriwa akhale."

Ndinati ana ndi anga. Iwo anadabwa, osati mwaukali ayi. Anandikumbutsa kuti pa ukwati wathu anagulitsa ng'ombe zinayi n'kutumiza ndalamazo kwathu. Amalume anazilandira ngati mphatso ya anthu aulemu, n'kuthokoza. Sanadziwe kuti ndi malowolo, ndipo palibe anaganiza zowafotokozera.

Mwana wanga wamkazi anali ataima pakhomo atavala kale nsapato zake za kutchalitchi. Ndinamuuza avule, ulendo walephereka.

Lamulungu lotsatira ndinakhala ku benchi ya amayi. Mbale ya Mgonero inandifika ine ndekha pa banja lonse, ine wosalakwa. Ndinapempha Ambuye, amene amaona wolira m'chipululu, kuti andione. M'mawa mwake, ndinakatenga makasu awiri, popeza munda wa khofi tinkalima limodzi ndi mkazi mnzangayo, ndipo mvula inali pafupi.