Mlandu wa Alamu Anga pa Wailesi

Pa zaka zimene ndinkatolera nkhani wailesi ina yaing'ono ndili pa boma la Ntcheu, zambiri zinali za mitengo ya mbewu, ngozi za pamsewu ndi misonkhano ya zipani. Nkhani ya makompyuta inabwera kamodzi kokha, ndipo inalowa m'nyumba mwanga momwe.

Alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wathu. Iwowa anali ndi pulogalamu ya pakompyuta yotumiza uthenga m'mafoni a alimi a mpunga ku Bwanje, kuwauza tsiku lawo lolandira madzi m'ngalande. Mnzawo wina anaikopera, n'kuisintha dzina, n'kuipereka kwa alimi a kachewere ku Tsangano. Alamu anakasuma kukhoti.

Anafika kwathu pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze.

"Alamu, mlongo wangayu munamutenga ulere. Lero mulipire. Mukanene pa wailesi kuti munthu uja ndi mbala."

"Ulere? Nkhuku ya pachinkhoswe ija munathandizana ndi ndani?"

Tinaseka. Kenako ndinawauza kuti ndikamvanso kwa mnzawoyo.

"Mukamva chiyani kwa mbala?" anafunsa, kuseka kutatha.

Ndinapitabe ku Tsangano, m'mphepo yake ija. Bamboyo sanakane kuti anakopera. Anati pulogalamuyo anailemba limodzi ndi alamu anga, pa kompyuta yake, m'nyumba mwake, ndiye sankaona chifukwa chopemphera chinthu chimene naye anachivutikira. Sindinadziwe ngati ankanena zoona, ndipo mpaka lero sindidziwa. Za makompyuta ine ndimangodziwa kutaipa. Poti sindikanatha kuona m'kati mwa chinthucho, ndinaganiza kuti ndilibe mphamvu yomutchula wina aliyense mbala.

Nditabwerera, mkazi wanga anandiyang'ana ndikukonza mawu a anthu awiriwo.

"Bambo a m'nyumba, achimwene mukawakhumudwitsa, ife tikadzayambana adzatikhazika pansi ndani?"

"Si inu mumati simuyambana ndi munthu?"

"Musandiseke. Ndikufunsa zenizeni."

Ndinangopitiriza kukonza mawu aja.

Nkhani inaulutsidwa. Aliyense analankhula ndi pakamwa pake, nthawi yofanana, ndipo ine ndinangowonjezera kuti mlandu ukadali m'khoti. Kwa omvera ambiri inali nkhani wamba, ya pakati pa uthenga wa maliro ndi zampira. Kwa alamu, kumuika mnzawoyo pambali pawo ngati ofanana kunali kale kuweruza. Zimenezo ndinazimvetsa pambuyo pake, ngakhale sindiona chimene ndikanachotsamo.

Alamu sanabwere kudzakalipa. Anatuma amalume awo kudzatiuza mwaulemu kuti ntchito zawachulukira, tipeze nkhoswe ina.

Mkazi wanga anapita yekha ku Bwanje kukawapepesa. Sanandipemphe kuti ndimuperekeze, nanenso sindinadzipereke. Anabwerako ndi mpunga pang'ono m'kathumba, ndi uthenga woti unkhoswe autenga msuweni wake wina, munthu amene ine ndi iye timangopatsana moni.