Dailesi wa Zafika

Dailesi Zulu anabadwira ku Guilleme, m'banja la alimi a mtedza, koma iye ndi khasu sankamvana. Sukulu anasiyira Fomu 3. Pofika zaka 25 anali atagulitsapo kaunjika ku Kamwendo, atakazingapo mandasi, atalukapo anthu tsitsi, ndipo chilichonse ankachisiya chaka chisanathe. Mayi ake ankati mwanayu ali ngati nkhuku yosowa poikira. Pamapeto pake anapezeka akugulitsa m'sitolo ya a Ismaili pa Boma la Mchinji, nakonso akungoyang'ana kumsewu.

Tsiku lina mu 2021 analandira foni kuchokera kwa a Consolata, namwino yemwe ankagula kawirikawiri m'sitolomo. Anati odwala achuluka, sangathe kuchoka pantchito, koma kunyumba ana alibe ndiwo. Dailesi anathamangira kumsika, anagula usipa, tomato ndi mpiru, anawonjezera botolo la mafuta ophikira, n'kupatsa a Greyson, bambo wa zaka zoposa makumi asanu amene ankapalasa kabaza pafupi ndi sitoloyo. Pasanathe theka la ola, uthenga wa a Consolata unalowa pa foni: “Zafika.”

M'mawa mwake anaimba anamwino atatu. Sabata yotsatira anayamba aphunzitsi, kenaka ogwira ntchito kumalire a Mwami, ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu omwe amakhala pamzere masiku awiri kudikira mapepala. Dailesi anauza a Ismaili kuti akusiya ntchito. Iwo sanadabwe. Anamupatsa mbali ina ya khonde la sitolo kuti aziikapo mabasiketi, malinga shuga ndi sopo azigula kwa iwo. Anamuchenjezanso kuti bizinesi ili ngati mwana, sakula chifukwa chomukoka makutu.

Analemba ndi penti pachikwangwani dzina loti Zafika, pansi pake n'kulonjeza kuti katundu afika m'mphindi makumi atatu. Patatha zaka ziwiri anali ndi njinga zakapalasa zisanu ndi yamoto imodzi. Komabe sanakhutire. Ankadya ataimirira, foni ili kukhutu, maso ali pa wotchi. Akamva kuti wina wa ku Kapondo wafunsa ngati angamubweretsere katundu, tsiku lonse ankakhala ngati wataya chinthu.

Atamva pa wailesi kuti bungwe lina ku Lilongwe likufuna kuthandiza mabizinesi a achinyamata, anakwera minibasi osauza munthu. Kumeneko anaima pamaso pa anthu atatu ovala masuti. Mmodzi anamufunsa kuti makasitomala amaitanitsa katundu kudzera pa makina anji. Dailesi anatulutsa foni yake yosweka galasi, n'kunena kuti ena amalemba pa Watsapu, ena amangofulasha iye n'kuwaimbira. Anthuwo anaseka, koma nkhani yake anaikonda. Anavomera kumugulira njinga zamoto zinayi ndi firiji, ndipo analonjeza zina zinayi m'tsogolo. Iwo anafuna zinthu ziwiri: katundu azifika m'mphindi khumi ndi zisanu pa Boma, ndipo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi bizinesi ifike ku Kamwendo ndi ku Chiosya. Dailesi anasaina pepalalo asanamalize kuliwerenga.

A Greyson anaphunzira njinga yamoto paukalamba, pabwalo la mpira, anzawo akuwaseka. Anaidziwa bwino ndithu, koma anali munthu wosapupuluma, ndipo zimenezi zinayamba kumuwawa Dailesi. Lachisanu lililonse a ku Lilongwe ankafunsa kuti ndi maulendo angati omwe achedwa. Dailesi naye anayamba kuimbira okwera njinga ali pamsewu, kuwafunsa pomwe afika, kuwauza kuti awonjezere moto.

Mu Januwale mvula inagwa masiku anayi osakata. Tsiku lachinayi masana, a Greyson ananyamula mathireyi awiri a mazira kupita nawo kwa mayi wina wophika makeke chakumapeto kwa Boma. Mphindi khumi ndi zisanu zinakwana. Dailesi anaimba, a Greyson sanayankhe. Anaimbanso, n'kuimbanso. Patapita ola, amene anamuimbira anali a Consolata. Anati a Greyson aterereka m'matope pakamlatho akuyesa kutulutsa foni m'thumba, ndipo mwendo wathyoka pawiri.

Kuchipatala Dailesi analephera kukhala pabenchi. Ankangozungulira pakhonde mpaka anamulola kulowa. 

“Amayi, foni ija inalira kasanu ndi kawiri,” anatero a Greyson motsitsa mawu. “Ine ndimati mwina kwagwa maliro. Kodi munkafuna kundiuza chiyani?”

“Ndimafuna kudziwa ngati mazira afika, bambo.”

A Greyson anangotembenukira kukhoma. Akazi awo, omwe anakhala pansi pafupi ndi bedi, sanamuyankhe ngakhale moni.

Lolemba lake Dailesi anabwerera ku Lilongwe. Anauza anthu a bungwe aja kuti za mphindi khumi ndi zisanu wazisiya, chifukwa misewu ya kwawo nthawi ya dzinja siyenderana ndi wotchi. Iwo anayesa kumunyengerera, kenaka anamukumbutsa zomwe anasaina. Anagwirizana kuti njinga zomwe ali nazo asunge, koma zinayi zotsala zija asaziyembekezere. M'minibasi pobwerera analira pang'ono, ndipo sanadziwe ngati akulirira njingazo kapena mwendo wa munthu.

A Greyson anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo, ndipo njinga sanakwerenso. Dailesi anapita kunyumba kwawo katatu iwo asanavomere kubwerera kuntchito. Masiku ano ndi iwo amene amakhala pakhonde la a Ismaili kulandira mafoni ndi kugawa maulendo. Lamulo lawo ndi limodzi: munthu akanyamuka, saimbiridwa mpaka atafika. Makasitomala ena anathawa, ambiri anatsala. Ku Chiosya njinga imapita kawiri pa sabata basi.

Dailesi ntchito ya pakhondepo inamuchepera. Tsopano amayenda m'madimba, kukambirana ndi amayi olima anyezi ndi tomato kuti azibzala mosinthana miyezi, kuti ndiwo zisamasowe mu Febuluwale. Mwezi wathawu anawoloka malire kawiri kukakumana ndi mayi wina wa ku Chipata, a Tabeth, yemwe akufuna kuti atsegule Zafika kumeneko. A Greyson anamuuza kuti ayambe wadikira mvula ithe. Iye anavomera, koma Loweruka lomwelo anthu anamuona pa depoti akufunsa mtengo wa galimoto yopita ku Mwami.