Tsukani wa a Samisoni

Zoti a Samisoni anathamangitsidwa ndi azungu a pa intaneti chifukwa choba nzeru, zimene zayenda kuchokera pamathandala a usipa ku Chiwanga mpaka m'maminibasi aja timati mashapa ku Metangula, ndi bodza lamkunkhuniza. Akanaba chiyani, chinthucho chili chaulere? Ndipo azungu ake ati? Mkulu wa gululo ndi mayi wina wa ku Brazil, wakuda kuposa a Samisoni eni ake.

A Samisoni anabadwira ku Malawi, makolo awo atathawira kumeneko nthawi ya nkhondo ya kuno. Kumeneko ana asukulu ankawaseka kuti amalankhula ngati ali ndi nsomba m'kamwa. Atabwerera kuno ndi makolo awo, anthu anayamba kuwatchula Mmalawi. Munthu wosekedwa mbali zonse ziwiri za nyanja amakula ndi kachironda pa lilime, ndipo ka a Samisoni sikanapole. Anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako matelefoni, m'kabanka kawo, kaokala ka malata pafupi ndi msewu. Anthu ankawatcha a Mesitiri, ndiye kuti katswiri, iwo n'kumayankha mochedwa dala kuti dzinalo libwerezedwe.

Tsiku lina mwini nyumba ya alendo anawapatsa makomputadori atatu akale oti akataye. A Samisoni sataya ngakhale waya wopsa. Anafufuza mpaka anapeza Kandiyero. Ameneyu ndi sisitema, ndiye kuti chija chimadzutsa makina n'kumawauza zochita, koma wopangidwira makina okalamba amene ena onse anawakana. Alibe mwini. Amamupanga anthu ochepa omwazikana, wina ku Beira, wina ku Brazil, wina kaya kuti, aliyense akugwira chingwe chake ngati pokoka khoka. Wofuna amatsegula m'mimba mwake, kukonza, n'kubwezera kwa anzake.

A Samisoni anawalembera m'Chipwitikizi chawo chopunduka kuti akufuna Kandiyero alankhule Chinyanja. Anawalandira ndi manja awiri, n'kuwapatsa kiyi: liwu lililonse lolowa m'Chinyanja linkadikira iwo kuti avomereze. Kunena zoona ntchito anaigwira. Pamene pamayalidwa zinthu makina akayaka anapatcha thandala. Mosungira zonse anati nkhokwe. Kotayira anati dzala. Ngakhale amene sawakonda amavomereza kuti apa mutu unagwira.

Kenako kunabwera wothandiza, Luisa, mphunzitsi wa ku Maniamba. Anagwirizana pa mawu mazanamazana. Anasiyana pa limodzi, lija Apwitikizi amati forumatari, kuchotsa zonse za m'nkhokwe osasiyamo kanthu. Luisa analemba kuti "Fufutani zonse". A Samisoni anachotsa n'kuikapo "Tsukani", poti ndi mmene amanenera pabanka pawo akamakonza telefoni yosokonekera. Chenjezo lotsatira analimasulira kuti "Zonse ziyera. Mukuvomera?"

Luisa anawalembera pabwalo la gululo, pamene aliyense amawerenga: "Achimwene, munthu wa kwathu akamva kutsuka saopa. Mbale ukaitsuka imatsala, chimachoka ndi litsiro lokha."

"Kufufuta ndi Chichewa cha pa wailesi ya ku Blantyre," anayankha a Samisoni. "Inu a kumapiri nyanja mumaionera pa mapu, ndiye mutiphunzitse Chinyanja?"

Mayi wa ku Brazil uja anangoti chilankhulo n'chanu, ife sitikumva. A Samisoni anatseka nkhaniyo ndi kiyi wawo, ndipo sabata yonse ankaifotokoza kwa aliyense wobwera kudzatchajitsa telefoni.

Tsopano mumve za a Mwasiti. Amuna awo, a Husseni, anali mmalinyero wakale, woyenda ndi ngalawa mpaka ku Likoma ndi ku Nkhotakota. Atayamba kudwala, mwana wawo Kauthar anawajambula mawu kwa miyezi itatu: za mwera ndi mpoto, mayina a makolo awo, ndi mmene anafunsirira a Mwasiti atabwereka kanzu ya mnzawo. A Husseni atamwalira, Kauthar anakwatiwa ku Pemba. Asanapite anapempha a Samisoni kuti asamutse mawu onsewo m'telefoni yake, imene inali itayamba kufa, awaike mu imodzi mwa makomputadori aja kuti amayi ake azimvera. Telefoniyo inafadi mwezi womwewo.

A Mwasiti ankadziwa kuwerenga Chinyanja pang'onopang'ono, chala chili pansi pa chilembo. Ndiye makinawo ankawayatsa okha. Masana aliwonse, usipa ukauma, ankakhala pakhonde amuna awo akulankhula, iwo n'kumawatsutsa: "Bodza ilo, kanzuyo inali yong'ambika." A Samisoni ankabweretsa alendo kudzaona. Anatumiza ngakhale chithunzi ku gulu, n'kulemba pansi pake kuti nachi Chinyanja chenicheni chikugwira ntchito.

Patapita chaka makinawo anayamba kuchedwa kudzuka. A Mwasiti anawaimitsa a Samisoni panjira, ali panjinga.

"A Mesitiri, bambo a Kauthar ayamba ulesi. Ndikawaitana akumatenga nthawi."

"Yadzaza litsiro imeneyo, amayi. Ndibwera ndidzaitsuke."

Sanabwere. Inali sabata ya Idi, matelefoni ali mulu pabanka. A Mwasiti nawo anali pa kalikiliki: anachapa makatani, anakwecha miphika, anazira pansi. Atamaliza anayang'ana makina aja n'kuganiza kuti bwanji amuna anga okha adye Idi ali m'litsiro. Anafufuza ndi chala chawo chija mpaka anapeza "Tsukani nkhokwe". Makina anati zonse ziyera, mukuvomera? Mayi wake uti wa ku Chiwanga angakane funso limenelo?

Mawa lake anafika pabanka atanyamula makinawo pamutu, atawakulunga m'chitenje chawo cha kapulana.

"Ndakuthandizani ntchito, a Mesitiri, ndatsuka ndekha. Koma bambo aja sakuyankha. Mwina akwiya ndi madzi."

Ankaseka ponena zimenezi. A Samisoni anayatsa, anayang'ana, ndipo amene analipo akuti mkuluyo anangokhala pansi, padothi, mpando uli pambali pawo.

Apa ndi pamene gulu lija linaonetsa kuti ndi anthu. Wa ku Beira anatumiza kachida kofukulira zotayika. Mayi wa ku Brazil anasiya ntchito zake masiku awiri. Luisa anatsika kuchokera ku Maniamba pa shapa, nakhala pabanka osatchula ngakhale kamodzi za mbale ija, chimene chinawapweteka a Samisoni kuposa kutukwanidwa. Koma Kandiyero amatsuka mwaukhondo, poti anamupanga kuti makina operekedwa kwa ena asamapite ndi zinsinsi za eni ake akale. Mwayi unali umodzi: batire la sola la a Mwasiti linatha moto ntchito isanathe kwenikweni. Pa miyezi itatu ija anapeza kachidutswa kamodzi. A Husseni akutsokomola kawiri, kenako akuti, "Mwasiti, tiyi uja bwanji?" Basi.

A Samisoni anapita nako okha. Anayamba kufotokoza za nkhokwe ndi batire, koma a Mwasiti anawadula.

"Ndiye kuti ndawachotsa ndine?"

"Ayi, amayi. Liwulo ndinalemba ndine. Anandiuza kuti n'loipa, ine ndinakana."

A Mwasiti anamvera kachidutswako katatu.

"Amuna anga anawasambitsa kale anzawo a ku mzikiti," anatero. "Sindinadziwe kuti ine ndidzabwereza. Ndisiyireni chifuwacho, a Samisoni. Tiyi ndiziwapangira."

Aka kanali koyamba kuwatchula dzina lawo lenileni, ndipo sanawatchenso a Mesitiri.

Tsiku lomwelo a Samisoni anatsegula nkhani ija anaitseka, anaika "Fufutani zonse", ndipo pansi pake Luisa anawonjezera kuti "Zimene zili muno sizidzabweranso." Atatero anapereka kiyi kwa Luisa. Gulu linawapempha kawiri kuti akhalebe, iwo anatulukamo ndithu. Lero Kandiyero akulankhula Chinyanja m'masukulu angapo kumtunda, thandala ndi dzala zili momwemo. A Samisoni akadali pabanka, ndipo mukawapatsa telefoni yoti achotsemo zonse amakufunsani katatu, mpaka kukutopetsani, ngati mulibe munthu wakufa m'menemo.

A Samisoni anachoka okha, chifukwa liwu limene anakana kusintha linamulanda mayi wamasiye mawu a mwamuna wake.