Njerwa yotentha pansi pa phazi la ababa

Ababa anali telala pakhonde la sitolo ku Balaka, ndipo mashini awo ankawapalasa ndi mapazi. Ndiye phazi lamanzere litayamba kuzizira, chala chachikulu n'kuda bii, m'nyumba munasowa mtendere. Adokotala akwathu analigwira n'kupukusa mutu: "Likamazizira chonchi, n'lodula ili." Anatitumiza kuchipatala cha mishoni ku Machinga, kumene kunafika mzungu woona za mitsempha.

Nzeruyo inali yanga, ndisanamizire munthu. Ndinati poti madokotala amayesa ndi dzanja, tikawapatse phazi lofunda. Ndinawotcha njerwa, kuikulunga m'chitenje, n'kuiika pansi pa phazi lawo m'basi.

Koma ulendo umenewo, abale! Pa Liwonde anyamata a chipani anatitsitsa tonse kuti aone makadi. Ine mtima uli m'mwamba, njerwa ikuzizira. Ndinathamangira kwa mayi wina wokazinga chinangwa n'kuikwirira m'makala ake. Titakweranso ndinafunsa, "Ikutentha, ababa?"

"Iyayi, sindikumva kanthu."

Ndinachotsa chitenje, n'kupondetsa phazi lawo panjerwa penipeni.

Pamzere kuchipatala sindinakhale pansi, ndimangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Titalowa, mzungu uja sanasamale n'komwe za kufunda. Anatulutsa kabokosi konga wailesi, kokhala ndi kachitsulo ngati cholembera. Anapaka mafuta oterera pamkono wa ababa n'kukhudzitsa kachitsuloko: fuu! fuu! fuu! Anesi anatiuza kuti amenewo ndi magazi akuyenda mumtsempha. Mwendo wamanja nawo, fuu! fuu! Wamanzere pabondo panamveka pang'ono. Pakakolo, zii. Anasuntha, kusunthanso. Zii.

Kenako anatembenuza phazilo. Kunsi konse kunali matuza, khungu litasupuka.

"Mayo ine! Wawotcha phazili ndani?" anakuwa anesi. Mzungu anayankhula, iwo n'kutimasulira: pakanapanda balali akanachotsa chala chokha n'kuyesa mankhwala, koma bala lotere popanda magazi silipola. Adula pansi pa bondo.

Ndinayasama kuti ndiulule, ababa n'kundifinya dzanja mwamphamvu.

"Ndine ndekha, anesi. Ndinasinza ndikuwotha moto."

Zimandiwawa mpaka lero. Anakhala zaka zambiri akuyendera ndodo, osasokanso, koma sananditchulepo ngakhale tsiku limene takangana. Amayi analowa m'manda akudziwa kuti amuna awo anasinza pamoto.