Tsiku Limene Tayala Linaphulika kwa a Msowoya

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga. Ndinali nditangofika ku Mzuzu kuchokera ku Balaka, sukulu nditalekezera panjira, ndipo iwo ankapemphera mpingo umodzi ndi mkazi wa a Msowoya, eni golosale yaikulu ku Mchengautuwa. Lolemba lina anandiperekeza kukaonekera.

A Msowoya anali msilikali wopuma. Ali achinyamata anatumizidwa ku Mozambiki kukalondera njanji nthawi ya nkhondo, ndipo anabwerako khutu lakumanzere litagontha. Anayamba ndi kaokala kogulitsa sopo ndi machesi. Pamene ine ndinkafika anali atatsegula masitolo ku Katoto, ku Rumphi mpaka ku Karonga, koma eni ake sankachoka pa kauntala ya ku Mchengautuwa.

"Mwawuka uli, mwana wane?" anandilonjera motero m'Chitumbuka. "Ukamalankhula nane uziima kumanja kuno. Uku kunatsekeka kalekale."

Ntchito anandiphunzitsa okha. Popima shuga kapena mchere, sikelo iyambe yakhazikika usanathire kanthu. Timapepala tapulasitiki tinkamata pa lawi la kandulo, mofulumira kuti tisabooke. Katundu watsopano kumbuyo kwa shelefu, wakale kutsogolo. Sopo asayandikane ndi ufa kapena masamba a tiyi, fungo limalowerera. Matumba ankagona pa mathabwa, osati pa simenti, poti chinyezi cha Mzuzu chimaundanitsa shuga. Sankakalipa. Ukalakwitsa ankangomasula n'kunena kuti, "Yambiranso."

Tsiku lovutalo linadza Khirisimasi itayandikira, sitolo itadzaza mpaka pakhomo. Lole yobweretsa shuga inkabwerera chammbuyo kuti titsitse, ndiye tayala lake linaphulika. Phuu! Magalasi a mawindo anachita kunjenjemera. Ndisanadziwe chachitika, a Msowoya anali atandigwetsera pansi kuseri kwa kauntala, atandiphimba ndi thupi lawo.

"Gona, Chisale! Usadzutse mutu!" ankakuwa m'khutu mwanga.

Ine dzina langa ndi Tadala, ndipo Chisale sindinkamudziwa. Ndinkangomva mtima wawo ukugunda pamsana panga. Anthu atazindikira kuti linali tayala chabe, anayamba kuseka. Bambo wina amene anabwera kudzagula mafuta ophikira anasuzumira pa kauntala, foni m'manja, akujambula.

"Asilikali athu ndi amenewa? Mantha chomene!"

Nditadzuka ndinaona kuti buluku la a Msowoya lanyowa. Ndinamasula chitenje changa n'kuwafunditsa, kenako ndinapempha makasitomala kuti atuluke, ndi kutseka chitseko dzuwa lili paliwombo. Mkulu uja anakhala pa kireti ya zakumwa, maso ali pansi, misozi ikudontha pa nsapato zawo zopukutidwa bwino. 

"Chisale anali mnzanga wa ku Dedza. Tinkadyera mbale imodzi ku Mozambiki. Tsiku limene anafa sindinamufikire msanga, mwana wane." Anapumira m'mwamba. "Lero ndimayesa ndamufikira."

Kanema uja anayenda m'mafoni mzinda wonse. Ana asukulu akamadutsa pa golosale ankakuwa kuti, "Gona, Chisale!" n'kuthawa. Ana a a Msowoya anakhala pansi n'kugwirizana kuti adada apume, ndipo mwana wawo wamkulu anatenga makiyi. A Msowoya sanatsutse.

Ndinadzawaonanso kamodzi m'mawa wina wa chifunga. Anaima kutsidya kwa msewu atavala jekete, akuyang'ana sitolo yomwe anamanga ndi manja awo. Ndinatuluka kukawaitana kuti adzamwe tiyi.

"Yewo, mwana wane. Ndimangodutsa," anatero, n'kutembenuka. Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira.

Lero ndine woyang'anira sitolo ya ku Katoto. Wantchito watsopano akabwera, ndisanamuonetse sikelo ndimamuuza ichi: munthu akagwa muno, kaya ndi kasitomala kaya ndi bwana, siya zonse, uime pakati pa iye ndi maso a anthu. Katundu amadikira, koma manyazi a munthu akatuluka pakhomo, palibe amene angawabweze.